Kwa mwana wanga wopanga masamba a pa intaneti

Chilomoni, Blantyre

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Ife kuno tadzuka, amayi ako akupereka moni, ndipo azakhali ako a ku Bangwe akupezako bwino tsopano.

Linki ija unanditumizira pa WhatsApp ndaiona, ya tsamba limene wapangira sitolo ya zipangizo zomangira ya ku Limbe. Mtima wanga wasangalala. Mitundu wasankha bwino, mndandanda wa katundu wauyala mwadongosolo, ndipo pa laputopu yanga latseguka popanda vuto. Koma pali nkhani imene pa foni sitingaimalize, chifukwa ukaimba umakhala uli pa liwiro. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe.

Ndinapempha amayi ako kuti alitsegule pa foni yawo yaing'ono ija. Atadina linki, sikirini inangoyera mbee. Kachizindikiro kanazungulira, kuzungulira, mpaka chithunzi cha matumba a simenti chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Apo n'kuti iwo atayamba kale kudandaula za bandulo yawo. Atapeza batani la mitengo ya malata n'kutambasula chala, chithunzi china chinatulukira pamwamba pake, batani n'kusunthira pansi, chala n'kugwera pena. Anaika foni pa mkeka n'kupitiriza kusankha nyemba. Mwana wanga, wogula malata ku Limbe ndi ameneyo. Ndi mmisiri wa ku Ndirande amene waima padzuwa, foni ili ndi mng'alu, bandulo ndi ya tsiku limodzi, netiweki ikubwera ikupita. Iwe umagwira ntchito pa kompyuta yamphamvu ndi WiFi ya mu ofesi, ndiye n'kosavuta kumuiwala munthu ameneyu. Usamuiwale.

Yamba ndi kuyeza kulemera kwa tsamba lako. Mu Chrome tsegula DevTools, zida zija zoyezera tsamba, pita pa Network, chepetsa liwiro likhale ngati la 3G, kenaka ulitsegulenso tsambalo uli phee kuyang'ana. Uona wekha chimene chikudya nthawi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi zithunzi. Chithunzi chochokera m'kamera chimatha kulemera ma MB angapo, pamene pa sikirini ya foni chikungofunika chaching'ono. Uzichichepetsa kaye, uchisunge ngati WebP, mtundu wa chithunzi wosalemera, ndipo ukalemba lamulo la srcset, browser, pulogalamu yotsegulira masamba, imasankha yokha chithunzi choyenera kukula kwa sikirini. Zithunzi za m'munsi uziikire loading="lazy" kuti zisatsitsidwe munthu asanafikeko. Za batani lothawa chala lija, mankhwala ake ndi apafupi: chithunzi chilichonse uchilembere width ndi height, mulifupi ndi utali wake, kuti browser ichisungire malo chisanafike.

A Google anakhazikitsa miyeso ya zimenezi mu 2020, imene amaitcha Core Web Vitals. Chinthu chachikulu cha patsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5, kusunthasuntha kwa zinthu kusapitirire 0.1 pa muyeso wawo, ndipo kuyambira mu Malichi 2024 amayezanso kuti munthu akadina, tsamba liyankhe mkati mwa mamilisekondi 200. Lighthouse, chida choyezera tsamba cha mu Chrome, ikuuza pamene uli. Koma manambalawo usawapembedze. Foni yotchipa yeniyeni, ili m'manja mwako pa depoti ya minibasi, imakuuza zoona kuposa lipoti lililonse.

Tsopano nkhani ya React, chida chomangira masamba cha JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a patsamba, imene ndaona kuti wamangira tsamba lonse. Sindikuida ayi. Uiphunzire bwino, chifukwa olemba ntchito ambiri amaifunsa, ndipo pa zinthu zazikulu zokhala ndi mbali zambiri zosinthasintha imathandizadi. Koma tsamba la sitoloyo lili ndi chiyani? Mndandanda wa katundu, mitengo, nambala ya foni ndi malo amene sitolo ili. Kumangira zimenezi React kuli ngati kubwereka lole kuti ukatenge thumba limodzi la ufa ku chigayo. Kuyera kwa sikirini kuja kumachokera pamenepo: foni iyenera kutsitsa JavaScript yense, kumuwerenga ndi kumuyendetsa isanaonetse ngakhale liwu limodzi, ndipo foni yofooka imachedwa pa ntchito imeneyo ngakhale netiweki itakhala yabwino. HTML wamba, amene amanyamula mawu ndi maziko a tsamba, amayamba kuoneka akangofika.

Anzako a kunja aliona vutoli, n'chifukwa chake masiku ano akubwerera ku njira yokonzera tsamba pa seva n'kutumiza HTML wokonzeka kale. Chida chotchedwa Next.js chimachita zimenezo, Astro nayo imatumiza JavaScript pokhapo pamene akufunikadi. Ine zimandisangalatsa kuziona, popeza ndi mmene tinkachitira ife kale, kungoti zipangizo zake tsopano n'zabwino kwambiri.

Pajatu ine ntchito imeneyi ndinaiyamba ndikuchokera kosindikiza mabuku, nthawi imene tinkayala masamba ndi ma table. Ndaona zinthu zambiri zikubwera ndi phokoso n'kupita. Flash, pulogalamu yoyendetsa zithunzi patsamba, inali paliponse, aliyense ankafuna tsamba lovina, koma Adobe inaisiya kumapeto kwa 2020. jQuery, chida chopeputsa ntchito yolemba JavaScript, itatuluka mu 2006 tinkati basi tafika. Browser ya Internet Explorer, imene inkatigonetsa mochedwa pokonza zinthu zimene kwina konse zinkayenda bwino, Microsoft inaipumitsa mu Juni 2022. React yakoyo a Facebook anaitulutsa mu 2013, inzake Vue n'kubwera mu 2014. Koma HTML amene Tim Berners-Lee anayambitsa ku CERN, CSS, wokonza maonekedwe a tsamba, amene anakhazikitsidwa mu 1996, ndi JavaScript amene Brendan Eich analemba ku Netscape mu 1995, onse atatu akadalipo, ndipo framework iliyonse, chida ngati React kapena Vue, imathera pa iwo. Ukawadziwa mozama atatuwa, chatsopano chilichonse udzachiphunzira msanga. CSS makamaka usaipeputse. Ndi njira zake za Flexbox ndi Grid ukhoza kuyala tsamba lokwana pa foni ndi pa kompyuta pomwe popanda kutsitsa katundu wa munthu wina. Ndipo uziyamba ndi sikirini yaing'ono, yaikuluyo izibwera pambuyo.

Pamene ndikufuna udekhe kwambiri ndi pa fomu yoitanitsira katundu, chifukwa apa ndi pamene pali ndalama za anthu. Munthu walemba dzina, nambala, malo okatula simenti, wadina kutumiza, netiweki yadula. Ngati fomu ibwerera yopanda kanthu, sadzalembanso, adzakwera minibasi kupita kwa wina. Zimene walemba zizisungika. Malo olembapo nambala ya foni uwaikire type="tel" kuti pabwere kiyibodi ya manambala. Akadina batani lotumiza, lizisonyeza kuti lamva ndipo lisalole kudinidwa kawiri, chifukwa munthu akaona kuti palibe chikuchitika amadinanso, oda n'kupita kawiri. Mukadzafika polandira ndalama kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga wake uzikhala womveka: ndalama zalandiridwa, kapena sizinalandiridwe, kapena dikirani kaye musatumizenso. Munthu amene watumiza ndalama ya malata a nyumba yake n'kumangoona kachizindikiro kakuzungulira, mtima wake umakhala m'mwamba. Usamuchititse zimenezo.

Zilembo zotuwa zija pa malo oyera zimaoneka zaulemu mu ofesi, koma padzuwa la mu Okutobala sizioneka. Malangizo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kugwiritsa ntchito tsamba, amati kusiyana kwa mtundu wa zilembo wamba ndi kumbuyo kwake kukhale 4.5:1 kapena kuposa. Tsatira zimenezo, ndipo zilembo uzikulitse, maso athu akuluakulu afooka. Chithunzi chilichonse chikhale ndi alt, mawu ofotokoza chimene chili pachithunzipo, batani likhale button weniweni osati div, bokosi wamba longovekedwa ngati batani, kuti amene saona ndipo amamvetsera tsamba kudzera pa pulogalamu yowerenga athe kuliyendetsa.

Unanena kuti mwini sitolo akufuna tsambalo likhalenso m'Chichewa. Limbikira pamenepo, n'chinthu chabwino. Ungosamala kuti mawu athu ndi aatali, ndiye batani limene linakwana bwino m'Chingerezi likhoza kusefukira. Usalipatse mulifupi wokhazikika. Ika lang="ny" kusonyeza kuti tsambalo ndi la Chichewa, ndi UTF-8, njira yosungira zilembo, kuti zilembo ngati ŵ zisasanduke zinyalala. Chichewacho chilembedwe ndi munthu, ndipo ukachiwerengetse kwa ogulitsa a m'sitolomo, amene amadziwa mmene makasitomala amatchulira katundu. Safunsa anadya phula.

Za mapulogalamu a AI amene amakulembera code, ndikudziwa kuti mumagwiritsa ntchito nonse, ndipo sindikuletsa. Koma mzere umene sukuumvetsa usauike m'ntchito ya kasitomala. Tsiku limene tsambalo lidzagwe, adzaimbira iwe, ndipo udzayenera kudziwa pogwira.

Ntchito yako uziikankhira pa intaneti kudzera pa Git, yosungira code, tsiku lililonse usanatseke laputopu; magetsi kuno ukuwadziwa, ndipo laputopu imabedwa. Domain, adiresi ya tsambalo, ilembetsedwe m'dzina la mwini sitolo, osati lako, ndipo mapasiwedi ake umupatse polemba. Ndaonapo mabizinesi akutaya masamba awo chifukwa amene anawapangira anasamuka ndi makiyi onse, ndipo sindifuna kuti dzina lako lidzatchulidwe m'nkhani yotero. Mugwirizanenso polemba kuti kusintha mitengo mwezi ndi mwezi ndi ntchito ya ndani ndipo malipiro ake ndi otani, chifukwa mtengo wa simenti sukhala malo amodzi, ndipo tsamba loonetsa mtengo wakale limayambanitsa wogula ndi wogulitsa pa kauntala.

Ukabwera kumapeto kwa mwezi ubwere ndi laputopu, tidzaone limodzi fomu ija. Amayi ako akuti uwadziwitse tsiku msanga.

Ndine bambo ako okukonda.