Kwa achimwene ku Johannesburg: za mwana wathu amene akukayamba Computer Science

Blantyre

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndakondwa kwambiri kumva kuti mtsikana wathu wasankhidwa kukaphunzira Computer Science ku UNIMA, ku Zomba. Mwafunsa kuti maphunzirowa ndi a chiyani kwenikweni, komanso kuti mumugulire chiyani asanapite. Ndiyamba ndi funso loyambalo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri kuno amasokonezeka.

Achibale akangomva kuti mwana akuphunzira za kompyuta, amayamba kumubweretsera mafoni osweka ndi makalata ofunsira ntchito oti awataipire. Mumuuziretu kuti sukulu yake si ya zimenezo. Akukaphunzira kugawa vuto m'masitepe omveka bwino, oti ngakhale makina osaganiza awatsatire popanda kufunsa funso. Masitepe oterewa amatchedwa algorithm. Maziko ake ndi masamu, ndipo katswiri wa masamu wa ku Britain, Alan Turing, anawalemba pa pepala mu 1936, makompyuta amene tikuwadziwawa asanapangidwe.

Mukamuimbira foni, mumuyese ndi funso ili. Pali kaundula wa mayina 1,000,000 osanjidwa motsatira alifabeti, ndipo mukufunamo dzina limodzi. Mukayambira pamwamba n'kumatsika dzina ndi dzina, mwina mudzawerenga kaundula yense. Koma mukatsegula pakati, n'kuona ngati dzinalo lili kumtunda kapena kumunsi, n'kutaya theka losafunikalo, kenako n'kuchita chimodzimodzi ndi theka lotsalalo, simudzapitirira maulendo 20. Zili choncho chifukwa 2 mukamuchulukitsa ndi 2 mnzake mpaka akwane 20, mumapeza 1,048,576. Njirayi amaitcha binary search. Kompyuta ndi yomweyo, kaundula ndi yemweyo, chasintha ndi kaganizidwe kokha. Akasangalala ndi funso limeneli, dziwani kuti wasankha bwino.

Chimene chimadzidzimutsa ana a chaka choyamba ndi masamu. Mwana amapita akuganiza kuti masamu anathera pa MSCE, koma amakapeza calculus ikumudikira, kenako discrete mathematics, statistics ndi linear algebra. Asazipeputse, makamaka discrete mathematics, chifukwa ndi imene imaphunzitsa kutsimikizira kuti mfundo ndi yoona nthawi zonse, osati pa zitsanzo zitatu zokha zimene wayesa. Masabata otsalawa abwereze algebra, ma logarithm ndi ma set a ku sekondale.

Tsopano za kulemba mapulogalamu. Kaya ayamba ndi Python, Java kapena C++, zomwe ndi zilankhulo zolembera mapulogalamu, zimenezo asade nazo nkhawa. Akadziwa bwino chimodzi, chachiwiri sichivuta. Koma adziwiretu kuti pulogalamu yoyamba kulembedwa kawirikawiri siyenda, ndipo si chizindikiro chakuti iye ndi wofooka. Zolakwika zake n'zodziwika kale. Mu Python, akalemba pulogalamu yofunsa manambala awiri, munthu n'kulowetsa 5 ndi 5, yankho lingatuluke 55 m'malo mwa 10. Chifukwa chake n'chakuti zonse zotaipidwa pa kiyibodi zimalowa ngati mawu, ndiye kompyuta imangozilumikiza. Ayenera kuzisandutsa kaye nambala ndi lamulo la Python lotchedwa int(). China, kuwerenga zinthu za mumndandanda kumayambira pa 0, osati pa 1, choncho mumndandanda wa zinthu 10 chomaliza chili pa 9. Akapempha cha pa 10, pulogalamu imaima. Chizindikiro cha = chimaika chinthu m'malo mwake, pamene == chimafunsa ngati zinthu ziwiri zikufanana, ndipo kusokoneza ziwirizi kumadya munthu usiku wonse.

Pali chimodzi chimene ndikufuna achigwire msanga, chifukwa chimakhudza ndalama za anthu. Akalemba 0.1 + 0.2 mu Python, adzaona 0.30000000000000004. Kompyuta imasunga manambala ndi 0 ndi 1 basi, ndipo 0.1 sakwana ndendende m'kawerengedwe kameneko, monga momwe 1 kugawa ndi 3 samathera pa pepala. Kachidutswa kotsalako kakaunjikana pa malipiro masauzande, mabuku a ndalama sagwirizana. N'chifukwa chake odziwa ntchito amasunga ndalama m'matambala ngati nambala yathunthu: K1,250.50 amaisunga ngati 125050.

Pulogalamu ikakana, uthenga wofiira umene umatuluka auwerenge, asamangothamangira kufunsa mnzake. Mu Python ayambire mzere wapansi, umene umatchula mtundu wa vuto, kenako akwere kuti aone nambala ya mzere umene wapunthwa. Asinthe chinthu chimodzi, ayese, kenako china. Ndipo pano ndilankhule mosabisa: ChatGPT ingathe kumulembera asayimenti ya chaka choyamba m'kamphindi, koma pa mayeso adzakhala yekha ndi pepala ndi cholembera. Aigwiritse ntchito pofunsa tanthauzo la zimene sanamve, koma pulogalamuyo ailembe yekha. Ola limodzi tsiku lililonse limaposa Loweruka lathunthu kamodzi pa mwezi.

Za laputopu, musavutike ndi yatsopano yodula. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira ikakhala ndi izi: RAM ya 8 GB kapena 16 GB ngati thumba lilola, SSD ya 256 GB kupita m'tsogolo, ndi purosesa ya Core i5 ya 8th generation kapena yoposa pamenepo, kuti Windows 11 ilowe popanda vuto. Ya hard disk yakale yozungulira ija musagule, imachedwa kwambiri. Batire ndiye muliyang'anitsitse, poti mukudziwa mmene magetsi amazimira kuno. Muli m'shopu momwemo, tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, ndipo muyerekeze design capacity ndi full charge capacity. Yachiwiriyo ikakhala pafupi theka la yoyambayo, batire latha. Yesani batani lililonse, ndipo muonetsetse kuti BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito mukangoyatsa kompyuta, ilibe pasiwedi, chifukwa makina ena ochokera m'makampani amabwera okiyidwa. Musaiwalenso kuti pulagi ya kumeneko ili ndi mano atatu obulungira, pamene soketi zathu zimalandira mano atatu amakona. Chingwe choyenera ndigula kuno, pamodzi ndi surge protector, chipangizo choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, popeza magetsi akamabwerera ndi pamene matchaja amapsa.

Fulashi asaikhulupirire. Ikangolowa m'kompyuta ya pamalo osindikizira mapepala, ingabwereko ndi vairasi, mafoda onse atasanduka ma shortcut. Sabata yoyamba yomweyo atsegule akaunti yaulere pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako mapulogalamu, aphunzire malamulo a Git otumizira ntchito kumeneko, omwe ndi git add, git commit ndi git push, ndipo ntchito ya tsiku lililonse aziikankhira kumeneko asanagone. Mafayilo a mapulogalamu ndi aang'ono, sadya bando. Laputopu ikabedwa kapena ikafa, ntchito yake imakhala ilipo.

Mwafunsanso ngati ntchito ilipo akamaliza. Mukaimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, mizere imene imatulukayo analemba ndi munthu, ndipo wina amasamalira database, nkhokwe ya deta imene imakumbukira kuti ndalama yachoka kwa yani n'kupita kwa yani. Mabanki a mu Victoria Avenue, MRA ku Msonkho House, ndi Unduna wa Zaumoyo umene umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu pulogalamu ya DHIS2, onsewa amadalira anthu otere. Ena amalemba mapulogalamu, ena amayala netiweki, ena amateteza makina kwa akuba, ena amasanthula deta. Asafulumire kusankha mbali chaka choyamba. Koma digiri yokha siyikwanira, chifukwa wolemba ntchito amafuna kuona chimene munthu anapanga. Pofika chaka chachiwiri akhale ndi kanthu kenikeni koonetsa, ngakhale kapulogalamu kowerengera masheya ndi chiwongoladzanja cha banki mkhonde ya amayi ake.

Ntchito imeneyi imamuika munthu pafupi ndi zinsinsi za anthu: matenda awo, malipiro awo, manambala awo. Kuno kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi la Data Protection Act la 2024. Kulowa m'kompyuta kapena mu akaunti ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale atati amangoyesa zimene waphunzira. Anzake akadzamupempha kuti awatsegulire Facebook ya munthu wina, akane.

Laputopu mukaipeza, munditumizire kaye chithunzi cha lipoti la batire lija musanalipire. Mukaipatsira pa basi, mundiuze tsiku kuti ndikailandire ku Wenela, ndipo mwanayo adzere kuno tidzaikemo Python, Git ndi VS Code (yolemberamo mapulogalamu) asanakwere ya ku Zomba. Mupereke moni kwa alamu.

Ndine mnzanu,
wa kuno ku Blantyre