Lipoti la msonkhano wa msewu wa I-80/94

A Tcheyamani, amayi ndi abambo a gulu lathu la Amalawi a ku South Bend,

Zikomo pondituma. Ndinakafika ku msonkhano umene a INDOT, oyang'anira misewu ya Indiana, anaitanira anthu kuti amve za ntchito yotchedwa FlexRoad, ndipo zomwe ndabwera nazo ndi izi.

Malo ake mukuwadziwa nonse amene munapitako ku bwalo la ndege la O'Hare ku Chicago kukachingamira abale ochokera kumudzi. Tikanyamuka kuno timayenda pa Toll Road, imene ndi I-80 ndi I-90 pamodzi. Pa Lake Station misewu iwiriyi imasiyana: I-90 imalowera ku Chicago Skyway, pomwe I-80 imakaphatikana ndi I-94. Kuyambira pamenepo, kudutsa Gary ndi Hammond mpaka kumalire a Illinois, ndiye Borman Expressway, dzina la Frank Borman, woyenda mumlengalenga wobadwira ku Gary. Akufuna kukonza kuchokera pa mphambano ya I-65 mpaka pa msewu wa IL 394 ku Illinois.

Vuto lake ndi kuthithikana. Mathiraki ochokera kum'mawa, ku Michigan ndi kummwera onse amadzakumana pomwepa, chifukwa nyanja ya Michigan imatsekereza kumpoto. Kukuza msewu n'kovuta, nyumba ndi mafakitale zili mbali zonse. Ndiye maganizo awo ndi oti msewu womwewu unyamule zambiri: liwiro lololedwa lizisintha pa zikwangwani zamagetsi, magalimoto olowa aziloledwa imodzi imodzi ndi maloboti, ndipo nthawi yothithikana m'mphepete mwa msewu, muja timaimamo galimoto ikafa, muzitsegulidwa kuti muziyenda magalimoto. Muvi wobiriwira pamwamba ndiye kuti lowani, X wofiira ndiye kuti musayerekeze.

Apa m'pamene mtima wanga unatsalira. Ambiri a ife timayendetsa magalimoto okalamba, ndipo timadutsa pamenepo titatopa, tikuchokera ku shifiti ya usiku. Ine ndemwe tayala linandiphulikirapo pafupi ndi Gary, mwana ali kumbuyo. Thiraki iliyonse ikamadutsa galimoto imagwedezeka ngati bwato, ndipo chotipulumutsa chinali kadanga ka m'mphepeteko basi. Nanga mukakhala kuti mukuyenda magalimoto, munthu adzaima pati? Funsoli ndinalilemba pa pepala la ndemanga m'dzina la gulu. Dongosolo lake ndi lakuti makamera akaona galimoto yaima, mzerewo utsekedwa. Ndamva, koma pakati pa kufa kwa injini ndi kuyaka kwa X wofiira pali mphindi zoopsa, ndipo sindinakhutire.

Za milatho ndinene mwachidule. Mlatho wa Cline Avenue ku East Chicago, umene unapha anthu 14 utagwa ukumangidwa mu 1982, unatsekedwa mu 2009 utadyeka ndi dzimbiri. Watsopano unatsegulidwa mu December 2020, koma ndi wolipira.

Tikumbutsanenso malamulo, makamaka kwa obwera kumene. Kuyambira pa 1 July 2020, kugwira foni m'manja ukuyendetsa ndi mlandu ku Indiana. Ukaona galimoto yaima m'mphepete ikuphethira, suntha ulowe mzere wina, kukakanika chepetsa liwiro. A Hoosier Helpers, gulu la INDOT lothandiza pamsewu, amayendera msewuwu ndipo amathandiza ulere. Nyengo yozizira, chipale chochokera kunyanja chimaphimba maso mwadzidzidzi. Mu January 2014 magalimoto oposa 40 anawombana pa I-94 pafupi ndi Michigan City, anthu atatu n'kumwalira.

Pempho langa ndi ili. A mlembi alembe kalata ya gulu yofunsa malo oimikapo galimoto ikawonongeka, ndipo abale athu oyendetsa mathiraki aikepo mawu awo, poti msewuwu amaudziwa kuposa ine. Tikadzakumananso ndidzabwera ndi mapepala amene ndinatenga, pali mapu oonetsa bwino mphambano ya pa Broadway ndi ya pa I-65.

Ine nthumwi yanu.