Kwa akuluakulu a sukulu ino: ndipatseni kalata ya transfer ya mwana wanga

A Headmaster, a Director, ndi inu amene mumayang'anira tsamba lino, ndalemba pano chifukwa foni yanga mwasiya kuyankha, ndipo mauthenga anga a pa WhatsApp mukuwawerenga n'kungokhala chete. Sindinkafuna kuti nkhaniyi ifike pagulu. Mwandifikitsa pano ndinu.

Ndine mayi wa mtsikana wa Fomu 2 amene waphunzira pasukulu panupa kuyambira Fomu 1. Dzina lake sinditchula, mukumudziwa. Kuntchito anandisamutsa kuchoka ku Lilongwe kupita ku Zomba, ndipo kalata yake inandipeza mu Januwale, teremu yachiwiri itangoyamba kumene. Fizi ya teremu yonse ndinali nditalipira kale kubanki, K385,000, silipi ndili nayo. Mwana analowa m'kalasi masabata awiri okha. Mtsikana wa zaka 14 sindikanamusiya yekha m'nyumba ya lendi ku Area 25, ndiye tinanyamukira limodzi. Malo ku Zomba anapezeka, koma a kumeneko anati ndibweretse kalata ya transfer, malipoti a Fomu 1 ndi a teremu yoyamba, komanso kalata yosonyeza kuti mwana analembetsa kale mayeso a JCE pa senta yanu, kuti iwo ayambe kuyendetsa zoti adzalembere komweko. Zomwe ndinkafuna kwa inu ndi mapepala amenewa basi.

Ndisananyamuke ku Zomba kudzatenga mapepalawa, ndinaimba kaye kuofesi kwanu. Mayi amene anayankha anati bwerani tsiku lililonse, kalata sichedwa, mphindi zisanu yatheka. Ndinafunsa kawiri konse ngati pali china choti ndibweretse kapena choti ndilipire. Anati palibe.

Tsiku lake landisokonekera, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu, sabata yatha ija kapena inzake. Chomwe ndikukumbuka n'choti ndinachita kupempha tchuthi kuntchito kumene ndangofika kumene, mabwana asanandizolowere n'komwe. Ndinadzuka 3 koloko m'bandakucha, kukwera minibasi, kudutsa Liwonde, Balaka, Ntcheu, Dedza, mvula ili pamsana njira yonse. Cha m'ma 11 ndinali pageti panu nditanyowa. A sekilitale anati a Head atuluka, khalani pabenchipo. Ndinakhala. Belu la nkhomaliro linalira ndili pomwepo, ana anatuluka, anabwerera m'kalasi, ine ndili pomwepo. Cha m'ma 2 ndi pomwe anandiuza kuti kalata siituluka popanda sitampa ya ku akawunti.

Bambo amene munawaika ku akawuntiwo ndi amene andilembetsa zonsezi.

Ndinagogoda, ndinalowa, ndinapereka moni. Sanayankhe, maso ali pafoni. Nditafotokoza chomwe ndabwerera anatsegula buku, n'kunena kuti mwana ali ndi ngongole, K45,000 ya development ndi K20,000 ya clearance. Ndinatulutsa pepala la fizi lomwe munatipatsa nokha mu Seputembala, chaka chikuyamba, ndinati bambo, tandionetsani pomwe palembedwa ndalama zimenezi. Palibe. Ndinaika masilipi anga onse patebulo, kuyambira a Fomu 1. Anawakankha ndi chala mpaka awiri anagwa pansi, ine ndi amene ndinawerama kutola. Kenako anati, "Iwe, anthu ngati inu timakudziwani, mumathawa ngongole kenako muzibwera ndi nkhani za transfer." Iwe! Ine mayi wa ana atatu, wa imvi kumutu, kunditchula kuti iwe, ana asukulu awiri ataima pakhomo kudikira malisiti awo, mmodzi wa iwo mnzake wa mwana wanga amene wadyapo nsima kunyumba kwanga. Ndinameza malovu, ndinati bambo tiyeni tilankhulane bwino. Iwo anawonjezera kuti ngati ndalama zavuta, ku CDSS malo aliko ambiri.

Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo mpaka lero. Ine ndinaphunzira pa CDSS, ndinkayenda wapansi mtunda wautali m'mawa uliwonse, ndipo satifiketi ya kumeneko ndi yomwe inandipezetsa ntchito imene yakhala ikulipira fizi pasukulu panupa materemu asanu osajomba. Ana ambiri a sekondale m'dziko muno ali m'ma CDSS momwemo. Munthu wogwira ntchito pasukulu angasandutse bwanji ana a anzake kukhala chotukwanira kholo? Ndalama zomwe amalandira kumapeto kwa mwezi akuganiza kuti zimachokera kuti, ngati si kwa makolo omwe akuwakankhira mapepala pansiwa?

Anandiuza kuti ndibwerenso mawa lake m'mawa ndidzaonane ndi a Head. Ndinakagona kwa mnzanga wa kutchalitchi. M'mawa ndinabwera, a Head ali kumsonkhano. Ndinadikira mpaka masana, a Head akadali kumsonkhano, galimoto yawo ili chiimire pansi pa mtengo ine ndikuiona ndi maso angawa. Ndinabwerera ku Zomba chimanjamanja, kukafika usiku. Mwana anathamangira kuchitseko kudzandilandira chikwama, akuganiza kuti kalata ili momwemo.

Ulendo umenewu unandidyera K28,000 popita, K30,000 pobwerera, ndi njinga yamoto maulendo anayi pa K4,000 uliwonse. Zonse pamodzi K74,000, kuwonjezera masiku awiri a ntchito, chifukwa cha foni imodzi yomwe munandiuza kuti palibe cholipira. Mukanandiuza pafoni pomwepo za K65,000 yanuyo, tikanakangana ndili ku Zomba konkuno osawononga ndi tambala yomwe. Ndipo musaiwale kuti muli ndi K30,000 yanga ya caution fee yomwe ndinalipira mwana akuyamba Fomu 1, imene munalemba nokha kuti imabwezedwa mwana akamachoka ngati sanawononge kanthu. Sanaswe windo, sanataye buku, a ku laibulale anasaina kale. Ndiye amene ali ndi ngongole kwa mnzake ndani apa? Munthu wasiya K385,000 ya masabata awiri, n'kumutchula wothawa ngongole?

Anthuni amene mukuwerenga, makolo anzanga, tandiuzeni ngati ndalakwa penapake. Mwanayu a ku Zomba anamuchitira chifundo, akulowa m'kalasi, koma dzina lake silinalowe m'kaundula chifukwa mapepala palibe. Tsiku lililonse aphunzitsi amamufunsa za kalata pamaso pa anzake. Kusamuka pakati pa chaka n'kowawa kale pakokha. Yunifolomu ndagula ina, anzake ndi atsopano, Masamu kuno ali patsogolo ndi mitu iwiri, Biology ayambira mutu wina, usiku akukopera manotsi a mnzake mpaka tulo kumugwira pampando. Chibwerereni JCE mu 2021, Fomu 2 si kalasi yoseweretsa, ndipo MANEB siidikira munthu. Dzina lake likapanda kusunthidwa nthawi ikadalipo, ndiye kuti mayeso akafika ndidzamukwezenso basi kubwera ku Lilongwe, ndimufunire pogona masiku onse a mayeso, adzalembere pasukulu pomwe mayi ake anatukwanidwa. Mukuona ngati mwana angalembe bwino ali ndi zimenezi mumtima? Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. A Head, akanakhala wanu mukanalola kuti mapepala ake akhale chikole m'dirowa ya munthu wamwano?

Ena mundiuza kuti ingolipirani K65,000 zithe. Ayi. Ndikanakhala ndi ngongole yeniyeni ndikanalipira tsiku lomwelo, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndikanakongola ngakhale ku banki m'khonde. Koma ndalama yosalembedwa paliponse, yongotulukira kholo likati ndikuchoka, sindilipira. Ndinafunsa ngati andipatsa lisiti ya sukulu ndikalipira, bambo aja anangoseka. Makolo amene munasamutsapo ana pasukulu pano, kodi inunso anakulipiritsani clearance? Lisiti anakupatsani? Ndikufuna ndidziwe ngati a Director akuzidziwa zimenezi, kapena zikuthera m'thumba la munthu mmodzi.

Tsono mvetserani. Kalata ya transfer, malipoti onse ndi kalata ya za JCE zikhale zitasainidwa pofika Lachisanu likubwerali. Ine ku Lilongwe sindibweranso ndi ndalama zanga. Mujambule munditumizire pa WhatsApp, zenizenizo mupatse mchimwene wanga amene adzabwere ndi chiphaso chake. K30,000 ya caution fee ibwere yonse. Pa K385,000 ija dulanipo za masabata awiri omwe mwana anaphunzira, zotsalazo tikambirane ngati anthu akuluakulu, ine si wovuta. K74,000 ya ulendo ndikuifunanso, chifukwa munandiyendetsa ndinu. Ndipo bambo a ku akawuntiwo apepese, osati kudzera mwa a sekilitale, koma ndi pakamwa pawo pomwe panatuluka "iwe" paja.

Lachisanu likadutsa muli chete, Lolemba m'mawa ndikasiya dandaulo lolemba ku ofesi ya Division ya maphunziro, chifukwa sukulu ya pulayiveti nayonso imayenda ndi chilolezo cha Unduna wa Zamaphunziro. Ndikapitanso ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loona za chilungamo pa malonda, ndi pepala lanu la fizi, akaone okha ngati ndalama yosalembedwa imaloledwa kulipiritsa, ndipo kalata ina ipita ku ISAMA, bungwe la sukulu za pulayiveti. Zikakanika kumeneko, khoti la majisitireti ndikulidziwa njira yake. Masilipi onse ndawajambula, mauthenga omwe mwawerenga osayankha ndawasunga, ndipo gulu la WhatsApp la makolo a Fomu 2 simunandichotsemo. Mukafufuta uthengawu ndiulembanso, ulendo uno ndi zithunzi zomwe.

Nambala yanga ili patsamba loyamba la fayilo ya mwana, ndi yomweyo imene munkandiimbirapo fizi ikachedwa ndi tsiku limodzi. Imbani pa yomweyo.