Kodi ife a kuno ku Tete kanema tizingoonera basi?

Akonzi,

Zikomo pondipatsako danga mu nyuzi yanu. Ine ndine mtsikana wa ku Ulóngwe m'boma la Angónia, ndinamaliza kalasi ya 12 ndipo kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikuthandiza pa wailesi ya m'dera lathu, kuwerenga nkhani m'Chichewa, mitengo ya kachewere ndi nyemba, zamaliro, za katemera wa ana, zonsezo mongodzipereka. Koma mtima wanga uli pa kanema, ndimafuna kuwerenga nkhani pa TV anthu akundiona.

Chaka chatha kanema wina analengeza kuti akufuna atolankhani achinyamata, ine ndinalumpha ndi chimwemwe. Akonzi, amene sanafunsirepo ntchito kuno sadziwa kuti mapepala okha amadya ndalama bwanji. Pamafunika kurikulo, kalata yopempha ntchito, fotokope ya chitupa cha unzika (BI), nambala ya msonkho (NUIT), satifiketi ya sukulu, pepala losonyeza kuti sunapalamulepo mlandu, ndiye zina mwa izi upite nazo kwa notariyo akadinde kuti ndi zoona. Amayi anagulitsa matumba awiri a kachewere, ine kukwera shapa m'bandakucha mpaka mu mzinda wa Tete makilomita opitirira 200, kuchoka kozizira kwathu kuno kukafika kotentha ngati ng'anjo, bulauzi yoyera yomwe ndinasita usiku inali itanyowa ndi thukuta ndisanawoloke n'komwe mlatho wa Samora Machel. Envelopu ndinasiya pa geti, mlonda anaiponya pa mulu wa ena.

Patatha mwezi anandiimbira foni kuti mayeso a kamera akachitikira ku Maputo Lachisanu, ndidzilipirire ndekha ulendo ndi pogona. Maputo ndi makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Tete, pa basi ndi usana ndi usiku, ndalama yake mwana wa mlimi aipeza kuti m'masiku anayi? Sindinapite. Ndinalira ndithu sindibisa. Ndipo chomwe chinandiwawa kwambiri n'choti pa foni paja nditanena kuti ndimatha kuwerenga nkhani m'Chichewa ndiponso Chinyungwe ndimachimva bwino, anangoti aaa zimenezo si zofunika, ife tikufuna Chipwitikizi chabwino.

Chipwitikizi ndimayankhula, ndinaphunzira nacho kuyambira kalasi yoyamba. Koma tiyeni tinene zoona, mayi wa ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Chifunde akamamva za kolera kapena za feteleza amamvetsa m'chiyankhulo chiti? N'chifukwa chake Rádio Moçambique ya kuno imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe ndipo anthu amaimvera m'minda momwe. N'chifukwa chakenso nyumba zambiri kuno zimatsegula MBC ndi Zodiak za ku Malawi, si kuti sitikonda dziko lathu ayi, koma munthu amapita komwe akumuyankhula m'chinenero cha kwawo. Kanema m'dziko muno anayamba mu 1981, kanema wa boma TVM asanatchedwe n'komwe dzina limeneli, kenako kunabwera ena monga STV ndi Miramar, pano tili pa dijito ndi madekoda, matchanelo ndi ambiri ndiye malo a ziyankhulo zathu sayenera kusowa.

Pempho langa kwa eni makanema onse ndi ili, mukafuna anthu atsopano bwerani mudzachitire mayeso konkuno ku Tete, kamera imodzi ndi anthu awiri zikwanira. Kapena tiloleni titumize kavidiyo ka mphindi ziwiri pa WhatsApp, muone mmene munthu akuimira, mmene akupumira pakati pa ziganizo, musanamuuze kuti abwere ku Maputo. Ndipo chiyankhulo cha makolo muchiwerenge ngati luso, chifukwa kumasulira nkhani ya bajeti ya boma kuti agogo amve popanda kuipotoza si ntchito yamasewera, ine ndimatha ola lathunthu ndikulimbana ndi ndime imodzi.

Anzanga amene muli ndi maloto ngati anga, ine sindinaleke. Loweruka lililonse mchimwene wanga amandigwirira foni pa msika, taimangirira pa kandodo ka nsungwi kuti isagwedezeke, ine ndikufunsa amayi ogulitsa kabichi za mitengo ndi za msewu, kenako ndimaonera ndekha n'kuona pomwe ndathamanga kuyankhula kapena ndayang'ana pansi. Phokoso la njinga zamoto limavuta ndiye ndaphunzira kuima moyandikira munthu, dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. Mavidiyo amenewa ndikusunga, ndipo ndayamba kufunsa za sukulu za utolankhani ngakhale zodziwika bwino monga ya pa Universidade Eduardo Mondlane zilinso ku Maputo komweko.

Ngati alipo wa kanema amene akuwerenga kalatayi, akonzi adziwa mondipezera, mavidiyo ndili nawo 14 pa memore khadi.

Ine wanu,
Mtsikana wa ku Ulóngwe, Angónia