Regulator sasankhira dzuwa la pagombe

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhepo pa nkhani ya kusambira pansi pa madzi yomwe inatuluka m'nyuzipepala yanu posachedwapa. Wolembayo analangiza ongoyamba kumene kuti pogula regulator, chipangizo chopumira chija, asankhe yopepuka, yosavuta kunyamula paulendo. Ine ntchito yanga ndi yomasula ndi kukonza zipangizo zimenezi, ndipo malangizowo sanandikhalire bwino. Anasiya funso lofunika kuposa onse: pansi penipeni pomwe mukafike, madzi ake ndi ozizira bwanji?

Mpweya wa m'silinda, botolo lachitsulo lomwe wosambira amabereka, umakhala wopanikizidwa kufika pa 200 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya kupanikizika) kapena kuposa apo. Gawo loyamba la regulator, lomangidwa pa silinda, limautsitsa kuti ungoposa mphamvu ya madzi okuzungulirani ndi 9 kapena 10 bar, kenako gawo lachiwiri, la pakamwa, limamalizitsa. Mpweya ukamamasuka chotere umazizira kwambiri, monga imachitira valavu ya tayala mukamaliphwetsa, moti m'kati mwa chitsulocho mumazizira kuposa madzi oundana. Chomwe chimafunditsa regulator ndi madzi omwe mukusambiramowo. Akakhala a madigiri 26, zonse zili bwino. Akakhala a madigiri 5, kutentha koti agawireko chitsulo alibe, ndiye timadzi tolowa pomwe pali sipuling'i ya m'gawo loyamba timaundana. Valavu imakanirira ili yotsegula, mpweya n'kumangokhuthuka osaleka. Osambira amati free flow. Silinda yodzadza itha kuuma m'mphindi zochepa, inu muli mamita 30 pansi, thovu lili tetete kumaso.

N'chifukwa chake muyezo wa ku Europe wotchedwa EN 250 unaika malire pa madigiri 10. Regulator ya m'madzi ozizira amaiyesa m'madzi a madigiri 4, pa mphamvu yofanana ndi kuya kwa mamita 50. Yomwe siinayesedwe motero amaidinda chizindikiro cha >10°C, kutanthauza madzi oposa madigiri 10 okha. Tembenuzani chitsulocho muwerenge nokha, musangomvera wogulitsa.

Ambiri amanamizidwa ndi madzi a pamwamba. M'nyanja zakuya zopanda mchere za kumayiko ozizira, pamwamba pamatha kufunda bwino m'chilimwe koma pansi pali pa madigiri 4, poti pa mlingo umenewo m'pomwe madzi amalemera kwambiri n'kukhazikika pansi. Komanso madzi opanda mchere amaundana pa 0 pomwe a mchere amafika pafupi ndi -2, choncho regulator imagwidwa msanga m'madzi opanda mchere. Wofuna kukasambira ku Silfra, m'dziko la Iceland, akapeza madigiri 2 mpaka 4 chaka chonse.

Sindikunena kuti aliyense agule ya m'madzi ozizira ayi. Ngati maulendo anu onse ndi a m'madzi ofunda a ku Red Sea kapena ku Maldives, regulator wamba ya pisitoni ikukwanirani. Ili ndi tizigawo tochepa, ndi yolimba, ndipo ife okonza sitivutika nayo. Kungoti ya m'madzi ozizira imagwira ntchito konsekonse, pomwe inayo ili ndi malire. Ya m'madzi ozizira gawo lake loyamba nthawi zambiri limakhala lomatidwa kuti madzi asafike pa sipuling'i, ndipo la pakamwa limakhala ndi zitsulo zokoka kutentha kwa m'madzi. Imalemererako, inde. Koma kumata komweko kumatsekerezanso mchenga, matope ndi mchere, ndipo ndikamasula ziwirizi patebulo langa, yomatidwa ndimaipeza yoyera m'kati pomwe inzake yachita dzimbiri lobiriwira. Kwa munthu yemwe sanadziwe komwe masewerawa adzamufikitse, ine ndimati atenge yomatidwa. 

China chomwe nkhani ija siinatchule n'choti ngakhale regulator yabwino imaundana mwini wake akaigwiritsa ntchito mosasamala. Kunja kukazizira kwambiri, musayambe kuipumira musanaimize m'madzi, chifukwa chinyezi cha m'kamwa mwanu chimaundana m'gawo lachiwiri. Musamadinedine batani lotulutsira mpweya. Musamapope jekete yoyandamitsira, yomwe imatenga mpweya ku regulator yomweyo, nthawi yomwe mukukoka mpweya, poti mpweya wodutsa ukachuluka kuzizira kumachulukanso. Vuto lomweli limabwera anthu awiri akamapumira regulator imodzi, ndipo n'chifukwa chake osambira m'madzi ozizira kwambiri amamanga ziwiri, iliyonse pa valavu yakeyake, kuti ina ikaundana aitseke n'kupumira inayo.

Chonde Akonzi, wolemba uja abwerezenso nkhaniyi ndipo aikemo za madigiri 10 zija, owerenga ena asanapite kukagula.

Ine wanu,
Wokonza zipangizo zosambirira