Loweruka lino timvera Makoto Shinohara

Mamembala anzanga,

Loweruka lino tikumana nthawi ya 3 koloko masana, pamalo athu omwe aja. Tidzamvera "Obsession", nyimbo ya oboe ndi piyano imene Makoto Shinohara anapeka mu 1960. Bamboyu anabadwira ku Osaka m'dziko la Japan mu 1931, ndipo anakaphunziranso ku Paris m'manja mwa Olivier Messiaen, katswiri wopeka nyimbo wa ku France.

Kwa amene simunaione oboe, ndi chitoliro chakuda cha mtengo. Kukamwa kwake kuli timabango tiwiri topyapyala, tomangidwa pamodzi ndi ulusi. Woyimba amayamba watinyowetsa, kenako amatipana ndi milomo, mpweya n'kumadutsa pakampata kochepetsetsa. N'chifukwa chake liwu lake limalowa mpaka mumtima. Ndi chida chomwechi chimene chimapereka liwu la noti yotchedwa A loti okestra yonse, gulu lalikulu la oyimba zida zosiyanasiyana, ichunire zida zawo.

Ndikuuzeni pasadakhale kuti si nyimbo yovinira, ndipo ena ingakuvuteni poyamba. Inenso inandivuta. Choncho tidzaimvera kawiri, tisanayambe kukambirana.

Chonde fikani msanga, mafoni tidzazimitse. Amene muli ndi sipika yabwino mubweretse, ya foni imameza mawu apansi a piyano.

Zikomo,
Mlembi