Dandaulo pa intaneti yomwe ndinalipira mwezi wathunthu koma inagwira ntchito masiku 19

Kwa Mkulu Woona za Makasitomala,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi ndili ku Mangochi Boma, kumene ndili ndi kashopu kojambula mapepala ndi kutumiza makalata pa kompyuta, chapafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ndakhala kasitomala wanu kwa zaka zinayi, ndipo mwezi uliwonse ndimagula bandulo ya rauta tsiku lake lisanapitirire.

Mwezi watha intaneti yanu inasowa masiku 11 mwa masiku 30 amene ndinalipira. Ndinaimba foni ku ofesi yanu kasanu, ndipo kanayi konse ndinauzidwa kuti ndizimitse rauta ndi kuyatsanso, ngati kuti munthu amene wakhala nayo zaka zinayi sadziwa zimenezi. Ulendo wachisanu ndi pamene mtsikana wina, amene ndimuyamikira chifukwa cha ulemu wake, anandiuza zoona kuti nsanja yanu ya kuno imasiya kugwira ntchito magetsi akathima chifukwa jenereta yake imakhala yopanda mafuta. Anandipatsa nambala ya dandaulo nalonjeza kuti akatswiri anu andiimbira, koma mpaka lero foni yanga sinalire. Tsiku la 30 litakwana bandulo inatha pa ola lake, osabwezeredwa ngakhale tsiku limodzi.

Mwina ku likulu kwanu masiku 11 ndi nkhani yaing'ono, choncho ndiloleni ndikuuzeni za anthu amene amabwera pashopu panga. Ambiri ndi amayi ochokera ku Malindi, ku Namwera ngakhalenso ku Makanjira, amene amafuna kutumiza mapepala kwa amuna awo kapena ana awo ku Joni, ndipo ena ndi ophunzira olembera malo m'mayunivesite a boma kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, omwe tsiku lotsekera siliwadikira. Mayi amene wadzuka mbandakucha ku Makanjira, nawononga ndalama ya ndiwo za sabata yonse pa ulendo wa msewu umene uja, sungamuuze kuti netiweki palibe, abwerenso mawa. Amapita pashopu ina, ndipo ulendo wotsatira amalunjika komweko.

Chimene chandiwawa koposa n'chakuti mukuchita ngati mudakali nokha pamsika. Kale tinkapirira chifukwa kunalibe kolowera, koma lero foni zambiri zimalowa ma SIM awiri, ndipo pa depoti pali anyamata a maambulera ogulitsa makadi a makampani opikisana nanu. Kuyambira 2023 kampani ya intaneti yodzera pa setilaiti ya Starlink ikugwira ntchito m'Malawi muno, ndipo mbale zake ndaziona ndi maso anga pamadenga a malo ena ogona alendo njira ya ku Monkey Bay. Ndinene mosabisa kuti chimene chandisunga kwa inu ndi mtengo wa zipangizo zimenezo, umene ndi wolemera kwa munthu wa kashopu ngati ine, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma ine ndi anzanga atatu a mashopu oyandikana tayamba kale kukambirana zosonkherana.

Mukumbukirenso zimene zinachitika mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice inaimitsa DStv m'dziko muno itasemphana ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira mawailesi ndi makampani a mafoni, pa nkhani ya mitengo. Anthu sanakhale manja lende kudikira. Ena amene ndimawadziwa, kuphatikizapo oonetsa mpira m'mavidiyo sho, anagula madikoda a makampani ena, ndipo ntchitoyo itabwerera kumapeto kwa chaka si onse amene anabwerera nayo.

Ndikudziwa kuti mpikisanowu mukuuona, chifukwa pawailesi mukulengeza rauta yotchipa ndi bonasi kwa makasitomala atsopano. Ndalama zimene zikupita ku malonda amenewa bwenzi zina zikugula dizilo wa nsanja ya ku Mangochi, kuti ife amene muli nafe kale tione chimene timalipira.

Choncho ndikupempha kuti mundibwezere masiku 11 aja, powonjezera pa bandulo ya mwezi uno kapena pondibwezera ndalama yake. Ndikupemphanso kuti mundiyankhe m'kalata, osati pafoni, ndi kundiuza tsiku limene vuto la nsanjayi lidzakonzedwe. Ngati pofika masiku 14 sindilandira yankho, ndidzatengera nkhaniyi ku MACRA, yomwe imapereka ziphaso kwa makampani ngati yanu, komanso ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula ndi kuonetsetsa kuti malonda akuchitika mwachilungamo. Mauthenga otsimikiza kuti ndinalipira, nambala ya dandaulo ija, ndi kope limene ndinkalembamo tsiku ndi ola limene intaneti inkasowa, zonse ndazisunga.

Ine wanu,
Kasitomala wa ku Mangochi Boma